Chogogoda pa Nsanja ya Wailesi

Buluzi anali atayala zingwe zake pa udzu, akuzisisita ndi zala kuti aone ngati pali pena pamene payamba kutha, pamene chinthu chija chinayambanso.

Ngo. Ngo.

Phokosolo linachokera kumwamba, m'nkhungu mmene nsonga ya nsanja inali itabisala, n'kutsika ndi zitsulo mpaka pansi. Silinali lalikulu ayi. Mlendo akanangoti ndi mbalame ikujompha. Koma mlonda, mkulu wa imvi amene anali atakhala pa ndowa pakhomo pa nyumba ya makina, anaika kapu yake ya tiyi pansi.

"Alamu anu awo, akukupatsani moni," anatero chapansipansi.

"Ndi mphepo, madala."

"Mphepo yogogoda kawiri n'kupumira? Ndiye kuti inapita kusukulu mphepo imeneyo."

Buluzi sanaseke. Maso ake anali pa kanyumba ka antchito kamene kanali kuseri kwa jenereta. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, mlongo wake n'kutuluka, supuni ili m'manja. Anali atawonda moti diresi linkangolendewera ngati lakolekedwa pa msomali. Anayenda osayang'ana munthu, n'kukaima pa mwendo umodzi wa nsanja, n'kumenya chitsulo ndi supuni ija kawiri. Kenaka anapendeketsa mutu, kutchera khutu ngati mayi amene akumvetsera kapumidwe ka mwana wodwala.

Nsanjayo inali ya wailesi ya boma. Inaima pamwamba pa phiri, yopakidwa zofiira ndi zoyera, miyendo yake itazikika m'simenti. Aulutsi ankayankhulira kutauni. Mawu awo ankafikira m'nyumba ya makina ija, makinawo n'kuwapatsa mphamvu, n'kuwakweza m'chingwe chonenepa ngati mkono wa munthu mpaka ku milongoti ya kunsonga, kumene ankamwazikira m'midzi yonse ya m'chigwa. Okwera nsanjayo analipo awiri okha: Buluzi, amene anzake anamutcha dzinali chifukwa cha kakweredwe kake, ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wakeyu.

Mawu a munthu wa kumwambako safika pansi, mphepo imawadyera m'njira. Choncho awiriwa anali ndi kachitidwe kawo. Wam'mwamba akagwiragwira ntchito, ankamenya chitsulo ndi sipanala kawiri, kutanthauza kuti ndili bwino. Wapansi ankayankha chimodzimodzi. Ndipo wapansi sankachoka, kaya kugwe mvula, kaya m'mimba mupote, mpaka mnzake ataponda dothi. Mlongo wakeyo anaziphunzira zimenezi atangokwatiwa n'kudzakhala paphiripo. Iye ankagogoda ndi supuni, ndipo mwamuna wake ankaseka kuti kugogoda kwa supuni kumanunkhira ndiwo.

Chaka chathachi, nyengo ya mphepo ngati yomweyi, mlamuyo anagogoda, Buluzi anayankha ali pansi, ndipo asanakhale n'komwe pa udzu anamva chinthu chikung'amba mphepo. Lamba anali wathunthu m'chiuno mwa malemuyo. Ngowe zake ziwiri zokolera pa chitsulo zinali zabwinobwino, palibe imene inathyoka. Akuluakulu anabwera, anayang'ana kumwamba atagwirira zipewa zawo, anatenga lambayo, n'kumapita. Apo m'pamene pakamwa pa anthu panayamba kuyabwa. Munthu woti wakwera nsanja kuyambira unyamata wake, ankatero, angamasule bwanji ngowe zonse ziwiri ngati sanafune yekha? Mwina m'nyumba munali moto.

Maliro atatha, mkazi wa Buluzi anatenga mwana wa malemuyo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kuti akakhale naye kutauni mpaka mayi ake atapezako mphamvu. Kenaka mphepo inatembenuka, nsanja inayamba kugogoda, ndipo mayi wa mwanayo sanatsikenso phiri.

M'mawa umenewu Buluzi anamupeza mlongo wakeyo asanalowe m'nyumba.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu. Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino. Mano akutsogolo aguluka, akaseka ungati nkhalamba." Anatsitsa mawu. "Dzulo pochokera kusukulu waitana alamu anu, akazi anga aja, kuti amayi. Si kuti lilime linaterereka ayi, wabwerezanso."

Mayiyo anapukuta supuni ija ndi diresi lake, ngakhale inali yoyera kale.

"Ndamva kuti lero azimitsa makina," anatero.

"Eya. Madzi alowa polumikizira chingwe kumwambako. Anthu akutali akudandaula kuti wailesi ikungotsokomola. Ndikamange pamenepo basi."

"Mukamange chingwecho, achimwene. Chinacho mukachisiye."

"Chinacho chiti?"

"Musandiyese mwana. Kapena nanunso mukuti mutu wanga wasokonekera? Ndikudziwa kuti ndi chitsulo. Akufa sagwira sipanala, zimenezo ndikuzidziwa bwino."

"Nanga bwanji osatsika, mlongo wanga? Mwana uja akukula ngati wamasiye, mayi ake ali moyo."

"Ndikatsika, aziyankha ndani?" Anafunsa mofatsa, ngati akufunsa pamene paikidwa machesi. "Munandiphunzitsa ndinu nomwe kuti wapansi sachoka. Komanso kumunsiko ndikawauza chiyani anthu? Akandifunsa kuti amuna anu munawalakwira chiyani, ndikati bwanji? Mwanayo akadzandifunsa? Ine mwini wake sindikudziwa. M'mawa uja anadya, anaseka, anandiuza kuti ndiwatenthetsere madzi osamba. Ndautembenuza m'mawa umenewu mbali zonse, achimwene, sindikupezamo kanthu. Madziwo ndinatenthetsa."

Buluzi nayenso chigwereni ngoziyo sanakwerepo kupitirira mababu ochenjeza ndege a m'munsi. Ntchito za kunsonga ankangoti mawa, mawa, ndipo panalibe amene ankamukakamiza. Ngakhale nyumba imene mlongo wake ankakhalayo inkafunika wantchito wina, koma panalibe amene analimba mtima kuti akamutulutse.

Injiniya anafika masana, ali wefuwefu chifukwa galimoto anaisiya kumene msewu umathera. Anali mayi wamfupi, wa jekete yaikulu yomufika m'mawondo.

"A Buluzi, akuluakulu atipatsa masana ano okha. Nkhani za madzulo zisanayambe tikhale titayatsa, apo ayi foni yangayi ipsa. Koma nkhunguyi mukuiona bwanji? Mukati ayi, ine ndikawauza kuti ayi."

"Nkhungu siluma, bwana."

"Nanga miyendo?"

"Ikumbukira yokha."

Analowa m'nyumba ya makina. Munthu sangadutse pa milongoti makina akuyaka, chifukwa mphamvu yake imawotcha m'kati mwa thupi osakukhudza n'komwe. Injiniya anazimitsa makinawo amodziamodzi, magetsi obiriwira n'kumathima, kenaka anagwetsa chogwirira chachikulu cha pakhoma n'kuchitsekera ndi loko. Kiyi anamupatsa Buluzi. Lamulo lake linali lomwelo: kiyi amakhala m'thumba mwa wokwera, kuti wina asayatse mnzake ali kumwamba.

Makinawo ankalira usana ndi usiku moti anthu a paphiripo anali atasiya kuwamva. Atazima, bata limene linagwa linali lolemera ngati bulangete lonyowa. Kawailesi ka mlonda kanangoti fooo, kenaka mwini wake anakazimitsa.

"Dziko lonse latseka pakamwa chifukwa cha inu, a Buluzi," anatero mlondayo. "Ine ngakhale akazi anga sanandichitirepo ulemu wotere."

Injiniya anatenga hamala yaing'ono kuti akhale wapansi. Koma atafika pa mwendo wa nsanja anapeza mlongo wa Buluzi ataima kale pomwepo, supuni itapanidwa pachifuwa. Anayang'anizana. Injiniya anasendera pambali n'kuika hamala m'thumba mwa jekete.

Buluzi anamanga lamba, anavala chipewa cholimba, n'kugwira makwerero. Zitsulo zinali zozizira, zonyowa. Anayamba monga mwa nthawi zonse: kola ngowe iyi, kwera, kola inayo, kenaka masula yoyamba ija. Imodzi siyenera kuchoka inzake isanagwire. Mwana aliyense wa ntchitoyi amauzidwa zimenezi tsiku loyamba, ndipo iye mwini ndi amene anamuuza mlamu wake.

Atadutsa mababu a m'munsi, nkhungu inameza denga la nyumba ya makina, kenaka inameza anthu aja. Kunatsala iye ndi zitsulo zochepa za pamwamba pake ndi za pansi pake, ngati makwererowo sakuchokera kulikonse. Mphepo inkalira m'zingwe. Miyendo yake anailankhula ngati akulankhula ndi ng'ombe zokana goli, ndipo inamvera. Pamalo popumira anatulutsa sipanala yake kuti agogode. Dzanja linakana. Anaganiza za mlongo wake pansipo, akumva kugogoda kuchokera m'nkhungu, osadziwa kuti wagogodayo ndani. Anaibweza m'thumba n'kupitiriza.

Polumikizira chingwe anapapeza mosavuta. Tepi yakale inali itang'aluka ndi dzuwa. Ataimatula, madzi akuda anachucha n'kumutsikira m'mkono. Anapukuta, anaumitsa ndi nsalu, anamangitsa, n'kukulunga tepi yatsopano mosathamanga, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba kuti mvula izitsetsereka. Manja atatanganidwa, mtima unakhalako pansi.

Ngo. Ngo.

Ulendo uno phokosolo linali pakhutu penipeni. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Kuseri kwa milongoti kunali mkono wachitsulo wotulukira panja, umene unkagwira mlongoti umodzi. Kunsonga kwa mkonowo kunkalendewera sipanala. Kachingwe kake, kamene wokwera amamangira kuti chida chisagwere anthu pansi, kanali katadzizengereza pa bawuti. Sipanalayo inali itachita dzimbiri, koma chogwirira chake chinali chikadali ndi tepi yabuluu imene mlamu wake ankakulunga pa zida zake zonse, ati kuti Buluzi asamazisandutse zake. Mphepo ikaikankha, inkamenya chitsulo, n'kudumpha, n'kumenyanso, kenaka n'kuima.

Buluzi anaiyang'ana nthawi yaitali. Anamva mawu a mlongo wake oti mukachisiye. Anaonanso kamtsikana kopanda mano akutsogolo kaja katakhala pakhonde, kakudikira munthu amene kanayamba kumuiwala nkhope. Anatambasula dzanja.

Sanafike. Panatsala pang'ono pokha, ngati kutalika kwa chikhatho, koma zingwe za lamba zinamukoka m'chiuno. Anafuna pokola ngowe pafupi, koma chitsulo cha mkonowo chinali chonenepa, kukamwa kwa ngowe sikunkakwana. Anasuntha phazi, anayesanso. Nsonga ya chala inakhudza sipanala, iyo n'kuthawa. Anatukwana chamumtima, anadzikonza, anaponda pa mkono wachitsulo uja, dzanja limodzi litagwira makwerero. Tsopano anaigwira. Anamasula kachingwe pa bawuti ndi zala ziwiri, mokondwa ngati munthu amene wazula munga.

Pamenepo phazi lake linamva kanthu. Kanali kakang'ono, kochokera kutali pansi, kakukwera ndi chitsulo. Kenakanso. Kugogoda kwa supuni.

Anaweramitsa mutu kuti aone thumba loikamo sipanalayo, ndipo anaona ngowe zake. Zonse ziwiri zinali lende m'ntchafu mwake, zikugundana mwakachetechete. Palibe imene inakola kanthu. Pansi pa nsapato yake panali nkhungu yokhayokha.

Sanakumbukire kuti anazimasula liti. Manja anangochita okha, mmene amachitira pochotsa ntchentche pamphumi.

Anabweza phazi pang'onopang'ono mpaka linapeza makwerero. Anaika sipanala pakamwa, anailuma ndi dzimbiri lake lomwe, anatola ngowe imodzi, inamupulumuka, anaitolanso, n'kukola. Anakola inayo. Kenaka anakumbatira makwererowo ndi manja onse awiri, chipumi chili pa chitsulo chozizira. M'maganizo anamuona mlamu wake ali pamalo omwewo, phazi lili pomwe iye anaponda, akutukwana kasipanala kamene kakodwa, akuganiza za madzi osamba amene akuzizira.

Supuni inagogodanso, mofulumira tsopano.

Buluzi anachotsa sipanala ija pakamwa n'kumenya chitsulo kawiri, mwamphamvu.

Potsika sanathamange. Ngowe iliyonse ankaiyang'ana ndi maso asanaikhulupirire. Denga la nyumba ya makina linatulukira, kenaka mitu ya anthu. Atangoponda dothi anakhala pansi pomwepo. Mlongo wake nayenso anali atakhala pa udzu wonyowa, miyendo atatambalitsa ngati mwana.

"Chiyankhireni inu sanadzuke pamenepo," ananong'ona mlonda. "Ine ndimati ndithamangire madzi."

"Munakhala chete nthawi yaitali," anatero mayiyo. Mawu ake anali okalipa, ndipo Buluzi anali asanamumvepo akukalipa chichitikireni maliro. "Munthu wanji wokwera osagogoda? Mukufuna ndikwirire angati?"

"Ndalakwa, achemwali."

"Wandiyankha uja ndani?"

"Ndine." Anapisa m'thumba. "Koma ndayankhira iyi. Munati ndikaisiye, sindinamvere."

Mayiyo anailandira ndi manja awiri. Chala chake chinayenda pa tepi yabuluu ija. Sanalire.

"Mlongo wanga, tamverani," anatero Buluzi. "Alamu sanakuthaweni. Iyi inakodwa kunsonga kwa chitsulo, pamalo poti lamba safika ndipo ngowe ilibe pogwira. Ankafuna kuitenga basi. Ine lero ndaitenga, ndipo pamene mumagogoda paja ngowe zanga zonse ziwiri zinali lende. Sindinadziwe n'komwe. Mukanapanda kugogoda, bwenzi pano anthu akufunsa akazi anga kuti anandilakwira chiyani."

Injiniya anagwira pakamwa. Mlonda anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Sipanala," anatero mayiyo. Anaitembenuza uku ndi uku. "Chitsulo chopezeka m'sitolo iliyonse. Bambo ameneyu! Msomali wopindika womwe ankauwongola n'kuusunga m'chitini. Ndinkamuuza ine kuti zitsulo zakezi zidzamupweteka." Anawerama, sipanala ili pamimba, n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Anthu atatuwo anangomuleka. Mphepo inawomba, inawombanso, ndipo nsanja inangoti zii.

Patapita nthawi injiniya anagwada pafupi ndi Buluzi.

"Pamenepo sipakweranso munthu mpaka titaikapo pokolera ngowe," anatero motsitsa. "Ndipo zimene mwanenazi mukazinenenso pamaso pa akuluakulu, anthu aleke kudya dzina la malemu. Kiyi uja, bambo."

Buluzi anamupatsa. Posakhalitsa makina anayamba kulira, ndipo kawailesi ka mlonda kanatulutsa mawu a mwamuna wina amene ankapepesa omvera chifukwa cha kuzima kwa wailesi. Mawuwo ankamveka bwino, opanda chifuwa.

Mlongo wa Buluzi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Buluzi anapinda zingwe zake, anaziika m'chikwama, anazitulutsanso, anazipindanso. Injiniya anayang'ana kumwamba, anayang'ana njira yotsikira, koma sanamufulumizitse. Kunja kutayamba kuzizira, chitseko chinatseguka. Mayiyo anali atavala nsapato ndi mpango kumutu, kachikwama kali m'manja.

"Madala," anauza mlonda, "mphika uli pambaula, mudye usaonongeke. Katundu winayo adzatenga achimwene."

"Ndiye mukundisiya ndekha ndi chiphiri chonsechi, mayi? Chinthu chija ndinkachiopa, koma chinkandichezetsa."

"Muli ndi wailesi."

Anapereka sipanala ija kwa Buluzi. "Ndi chida ichi. Mukachichotse dzimbiri chizigwira ntchito. Chikadzakodwanso, mudzachisiye komweko."

Buluzi anaiponya m'chikwama, n'kuchikoleka paphewa. Anayamba kutsika, injiniya patsogolo, mayiyo pakati, iye pambuyo. Njira inali ya miyala, ndipo atangoyenda pang'ono chikwama chinayamba kugwedera. Sipanala inagunda ngowe m'katimo, n'kugundanso.

Mayiyo anaima chilili. Dzanja lake linapita lokha pachifuwa, pamene pankakhala supuni. Buluzi anaona msana wake ukuuma, ndipo anaopa kuti atembenuka n'kubwerera.

Anatembenukadi, koma anangofika pamene panali mchimwene wake. Anamasula mpango kumutu, anatsegula chikwamacho, anakulunga sipanala ija bwinobwino, n'kumanga mfundo. Anagwedeza chikwama kuti amve. Munalibe phokoso.

"Mwanayo wafika pati tsopano?" anafunsa, akuloza m'chiuno mwake. "Apa?"

"Kwezani dzanja."

Analikweza pang'ono.

"Kwezaninso."

Mayiyo anayang'ana pamene dzanja lake linafika. Kenaka anatola kachikwama kake n'kuyamba kutsika mofulumira, moti injiniya anachita kumupatukira njira.